Uthenga Umene Aphunzitsi Anafufuta

Aphunzitsi sanaphunzitsepo mwana wa munthu ngakhale tsiku limodzi. Ntchito yawo ndi yosita zovala m'shopu yochapa masuti ndi madiresi a ukwati, pamsewu wotsikira kokwerera basi, ndipo aigwira zaka makumi awiri ndi ziwiri patebulo lomwelo, pafupi ndi zenera limene linakana kutseguka kalekale. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a pantchito, chifukwa mayi amenewa sangaone chinthu chokhota n'kuchisiya. Ukapachika jekete mopendekera, akuuza. Ukalakwitsa dzina la kasitomala pa kapepala kobaya ndi phini, akuuza, mawa lake akuuzanso kuti usaiwale kuti anakuuza. Koma kolala ya shati ikadutsa m'manja mwawo, abale, imaima njo mpaka tsiku lochapanso. N'chifukwa chake bwana amawapirira.

Ndi oyamba kubadwa mwa ana anayi. Bambo awo anamwalira iwo ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo kuchokera pamenepo m'nyumbamo munakhala amayi awiri, wina wofatsa, wina wa mkwapulo. Mwana wotsiriza, mwamuna yekhayo, amene mpaka lero banja lonse limangomutchula kuti Mzime, anakulira pamsana pa Aphunzitsi. Ndiwo ankamusambitsa, kumuperekeza kusukulu, kumukoka khutu akataya juzi. Ukwati anaulawako zaka zitatu, koma bambo uja anatopa ndi kuuzidwa kafinyidwe ka mankhwala otsukira mano, anatenga chikwama chake n'kumapita. Aphunzitsi sanalire kwambiri. Ankati mwana ali naye kale, ndi Mzime.

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo mayi awo anagonekedwa m'chipatala. Nthawi imeneyo Mzime anali kumzinda wina, ulendo wa maola asanu pa basi, akulemba mayeso omaliza a ntchito yokonza mafiriji. Lachiwiri dokotala anawaitanira Aphunzitsi pakhonde n'kuwauza kuti aitane abale onse. Mayeso a Mzime ankatha Lachinayi masana. Aphunzitsi anaimbira ang'ono awo awiri aakazi, koma Mzime sanamuimbire. Anati mwana wavutikira zaka zitatu, asamusokoneze mutu, amayi ndi olimba, afika Lachinayi. Mzime ataimba yekha Lachitatu kufunsa za odwala, anamuyankha kuti, “Akupezako bwino, iwe lemba mayeso.” Amayi anatsirizika Lachinayi m'mawa. Mzime anafika tsiku lomwelo madzulo, atanyamula thumba la malalanje oti odwala akayamwe.

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anaika mayi ake m'manda, anapeza ntchito mumzinda uno momwe muli Aphunzitsi, anakwatira, koma mawu oti “achemwali” anauma pakamwa pake. Akakumana pa maliro kapena pa ukwati wa wachibale, ndi “Mwaswera bwanji?” “Ndaswera,” basi, maso ali kunsapato. Aphunzitsi nawo, m'malo mopepesa, ankauza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe kuti anachita zoyenera. Akanapanda kutero, mwanayo satifiketi akanaitenga kuti? Ankanena mokweza, nsimbi ikugunda patebulo. Koma amene amagwira nawo ntchito ankaona kuti akamaliza kunena zimenezo, amasita shati imodzi kawiri.

Ndiye kunabwera sewero la pa kanema lija, limene anthu ankangolitchula kuti Chikepe. Nkhani yake ndi ya mlonda wa nyumba yosanjikizana yakale, amene anatulukira kuti chikepe chakuseri sichipita kumwamba kapena pansi ayi, chimapita ku zaka zakale. Ukadina batani, chitseko chimatsegukira tsiku lina la m'mbuyo, koma chimadikira mphindi khumi zokha. Ukachedwa, watsala komweko. Mlondayo ankafuna tsiku limodzi lokha. Ali mnyamata, chibwenzi chake chinamulembera kalata yomuuza sitima imene chikwere kuti apitire limodzi, koma mkulu wake anailandira kalatayo n'kuibisa, mtsikana n'kupita yekha. Zaka zitatu zathunthu anthu anakhala akuonera mlonda akudina mabatani olakwika, kukatulukira kunkhondo, kuchigumula, ngakhale ku tsiku limene iye mwini anabadwa, akusakasaka tsiku la kalata.

Amene anabweretsa matendawa m'shopu ndi Atelala, bambo wokonza mazipi ndi kupinda mathalauza pakona pafupi ndi chitseko. Mwezi usanathe, Aphunzitsi anali atalowerera kuposa iwo. Anatsegula gulupu pa foni n'kudziika okha pa uadimini, kaya anawasankha ndani. Munalowa anthu makumi atatu: a m'shopu, makasitomala, namwino wina, dalaivala wa takisi amene amaimika galimoto kutsogolo kwa shopu, mpaka mkazi wa bwana. Vuto linali limodzi. Gawo latsopano linkaonetsedwa Loweruka folo koloko masana, Aphunzitsi ndi ena ambiri ali pantchito, ndipo linkabwerezedwa Lamlungu nthawi yomweyo. Choncho anakhazikitsa lamulo: palibe wolemba kanthu za gawo latsopano mpaka Lamlungu faifi koloko. Woulula, uthenga wake ufufutidwa, iye atulutsidwa kwa masabata awiri.

Ndipo lamulolo sankaseka nalo. Mkazi wa bwana Loweruka lina anangolemba kuti, “Eee, koma galu uja!” Anapezeka ali panja. Bwana anachita kubwera yekha pakhomo la chipinda chositira kudzapepesera mkazi wake, Aphunzitsi n'kumuyankha, osakweza n'komwe mutu, kuti masabata awiri ndi masabata awiri. Kuchokera pamenepo anthu anachenjera. Amene aonera Loweruka sankatsegula gulupu n'komwe, kuopa zala zawo zomwe. Amene sanaonere nawonso sankatsegula, kuopa maso awo.

Mzime analowetsedwa ndi mkazi wake. Mlamu ameneyu ndi mayi wochenjera. Tsiku lina anabwera ndi siketi yoti isitidwe, siketi yopanda khwinya ndi limodzi lomwe, n'kunena ngati zongodutsa kuti, “Alamu, kwathu kuli munthu amene Loweruka folo koloko ngakhale nyumba itapsa sadzuka pampando. Simungamuikeko m'gulupu mwanumo?” Aphunzitsi anati aona. Mlamu asanafike pamsewu, anali atamuika kale.

Ndiye taonani zodabwitsa. Anthu awiri olephera kupatsana moni wokwanira anayamba kukangana Lamlungu lililonse ngati ana olimbirana mpira. Aphunzitsi ankati mkulu wa mlonda uja anali ndi chifukwa chake, tidzachimva kutsogolo. Mzime ankati, “A Adimini, munthu wobisa kalata ya mnzake alibe chifukwa, ali ndi mwano basi.” Iwo amvekere, “Iwe, dikira uone.” Iye amvekere, “Ndadikira zaka zambiri, a Adimini.” Ena m'gulupumo ankangotumiza tinkhope toseka, osadziwa kuti pansi pa nkhaniyo pali manda. Sankawatchula kuti achemwali, zoona, komabe anali kulankhula nawo. Aphunzitsi ankawerenga mauthenga ake kawiri katatu ali m'basi, mpaka tsiku lina anapitirira potsikira. Khomo lokhalo lolowera kwa mlongo wawo linali limenelo, ndipo iwo ankadziwa bwino lomwe.

Loweruka la gawo lotsiriza la chaka chachitatu, shopu inadzaza ndi zovala za ukwati wina. Aphunzitsi anali pa diresi la mkwatibwi, la nsalu yoterera ija imene nsimbi ikangochedwa pang'ono yapsa. Kutatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti ikwane sikisi, foni inalira pashelefu. Anaiyang'ana ndi diso limodzi. Mzime, m'gulupu. Uthenga wautali, wodzaza galasi lonse la foni mpaka kusefukira, ndipo mzere woyamba unati: “Mlonda sanatenge kalata ija.”

Magazi anawakwera kumutu. Zaka zitatu akudikira tsiku limeneli, mwana uyu n'kuwaonongera ndi mawu anayi! Anaphimba mawu otsalawo ndi chala chachikulu kuti maso asabe, anadina, anafufuta kuti uchoke kwa aliyense, n'kumutulutsa. Kenako analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti: “LAMULO SILIONA NKHOPE. NGAKHALE M'BALE.” Zonsezi sizinatenge mphindi imodzi. Anabwerera ku diresi lija akudzitama mumtima kuti lero anthu aona kuti iwo sakondera.

Lamlungu anakhala pampando wawo ndi kapu ya tiyi, atakwiya kale chifukwa mathero akuwadziwa. Mlonda anadina batani, chitseko chinatseguka, ndipo ulendo uno linali tsiku lenileni. Analowa m'nyumba ya makolo ake n'kubisala kuseri kwa kabati. Mkulu wake anali pomwepo, kalata ili m'manja. Aliyense ankayembekezera kuti ailanda, mwinanso amuwaze mbama. Koma mkulu uja anayenda kupita kuchitseko kuti akapereke kalatayo, anafika, anabwerera. Anapitanso, anabwereranso. Kachitatu anagwira chitseko, n'kukhala pansi pomwepo, akulira, akunena yekha kuti, “Akapita, nditsala ndi ndani?” Mlonda anangoima duu akuyang'ana, mpaka nthawi yake inatsala pang'ono kutha. Anabwerera m'chikepe chimanjamanja, ndipo sewero linathera pomwepo.

Tiyi anazizira m'kapu. Aphunzitsi anakumbukira khonde la chipatala, fungo la mankhwala okolopera, ndi chala chawo chikudina nambala ya Mzime n'kuidula isanalire, kasanu konse Lachiwiri lija. Zimenezo anali asanauzepo munthu aliyense.

Faifi koloko itakwana, gulupu inaphulika. Dalaivala wa takisi ndiye anayamba: “Zaka zitatu ndikukana makasitomala Loweruka chifukwa cha zimenezi? Munthu wafika pa kalata n'kumangoiyang'ana ngati nsapato ya m'sitolo!” Mkazi wa bwana anati amene analemba gawoli anali ndi njala, ankathamangira kukadya. Namwino anati iye walira ndipo sachita nazo manyazi, ena n'kumuseka kuti ameneyo amalira ngakhale pa zotsatsa malonda a sopo. Bambo wina wopuma pantchito, amene amaonera wotchi ili m'manja, anati mlonda anakhala kuseri kwa kabati mphindi khumi ndi ziwiri, osati khumi, choncho chikepe chimayenera kumusiya, ndiye kuti sewero lonse ndi bodza. Anamufunsa ngati chikepe chopita ku zaka zakale chinali choona poyamba, iye anati asamutukwane. Mayi wina analengeza kuti wasiya kuonera, ndipo analengeza zimenezo kasanu ndi kawiri madzulo omwewo. Atelala anafunsa kuti, mlonda akanatenga kalata n'kukwera sitima, akanakhala bwanji mlonda wa nyumbayo kuti apeze chikepe? Anthu anawauza kuti akasoke mazipi.

Mauthenga anapitirira mazana atatu. Aphunzitsi, amene nthawi zonse ndiwo amatsegulira mkangano, sanalembe kalikonse. Ankangokokera m'mwamba, pamene panatsala kamzere konena kuti uthenga uwu unafufutidwa ndi adimini. Munthu amene wakhala akutukwana mkulu wa mlonda sabata ndi sabata, wodziwa lamulo bwinobwino, analemba chiyani chachitali chotero chimene sichikanadikira mawa? 

Anayamba kuimbira anthu mmodzimmodzi, ndipo apa ndi pamene anaona kuti anawaphunzitsa bwino mopitirira muyeso. Namwino anati anauona ukufika, koma poti anali asanaonere, anatsinzina n'kuika foni m'thumba. Mkazi wa bwana anati, “Ine Loweruka gulupu sinditsegula, munandiphunzitsa ndinu.” Dalaivala anati anawerenga mzere woyamba, akuti apitirize, wazimiririka. Anthu onse aja, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anauwerenga.

Lolemba m'mawa Atelala anasiya makina awo n'kubwera kutebulo lositira, tepi ili m'khosi.

“Aphunzitsi, dzulo pa foni sindinakuuzeni zonse,” anatero. “Ine uthengawo ndinauthawa, ndinakokera pansi msangamsanga. Koma maso ndi akuba. Mawu omaliza ndinawaona.”

“Amati chiyani?”

“Amati, ‘achemwali anga.’ Zimene zinali pamwamba pake sindikudziwa.”

Aphunzitsi anaimika nsimbi. Analowa kuchimbudzi n'kutsegula mpopi kuti anthu asamve.

Nthawi ya chakudya chamasana, munthu amene zaka makumi awiri ndi ziwiri sanachokepo pantchito nthawi isanakwane anavula epuloni n'kukakwera basi. Ali m'njira anaimbira mlamu wawo kufunsa ngati uthengawo unatsala penapake. Mlamu anapumira m'mwamba.

“Alamu, anaulemba momwemo m'gulupu, mphindi makumi anayi, atakhala pa sitepe ya pakhomo. Ndinamufunsa kuti bwanji osakutumizirani panokha, anati panokha sangathe, anazolowera kulankhula nanu mmenemo. Nditamukumbutsa za lamulo, anati akadikira mawa mtima ubwerera. Atangotumiza anapita kukasukusula. Pobwera anapeza ali panja.”

Kumene Mzime amagwira ntchito ndi chishedi chachitali kuseri kwa sitolo ya zitsulo, mafiriji akufa ali ndandanda, zitseko zili yasa. Anamupeza atagwada kumbuyo kwa firiji yaikulu ya m'butchala, akuwotcherera kapaipi. Atawaona anazimitsa moto, anakweza magalasi pamphumi, koma sanaimirire.

“Mwaswera bwanji?” anatero.

“Ndaswera. Mzime, ndaonera gawo lija.”

“Chabwino.”

“Unalemba chiyani?”

“Za Chikepe basi.”

“Usandinamize, iwe. Tandiuza.”

Iye anatola sipanala, anaiyang'ana, anaiikanso pansi. “Zinali momwemo. Munafufuta.”

Njira yonse m'basi Aphunzitsi anali atakonza mawu. Ankafuna kunena za khonde la chipatala, za nambala imene anaidina kasanu, kuti analakwa ndipo akhala akudziwa zaka zonsezi. Mawuwo anali pakhosi penipeni. Koma pakamwa pozolowera ndi pozolowera. Chimene chinatuluka n'chakuti, “Komatu nawenso lamulo umalidziwa.”

Abale inu, ndikanakhala pafupi ndikanawatseka pakamwa ndi dzanja langali. Iwo eni anawamva mawuwo akutuluka, analakalaka kuwameza, koma madzi akatayika saoleka.

Mzime anaseka pang'ono, kuseka kosaonetsa mano. “Ndimalidziwa,” anatero. “Tsiku lija munaona kuti si nthawi yoti ine ndimve. Loweruka munaona kuti si nthawi yoti ine ndilankhule. Nthawi yanga mumasunga ndinu.” Anatsitsa magalasi. “Pepani, firijiyi akuifuna lero, nyama yawo iwonongeka.”

Anayatsanso moto. Apo ndi pamene Aphunzitsi anati, “Pepa.” Koma moto wowotcherera umasokosa, ndipo mpaka lero sadziwa ngati anamva.

Madzulo omwewo anamubwezera m'gulupu, masabata awiri asanathe, koyamba kuphwanya lamulo lawo lomwe. Analembanso kuti lamulo latha, aliyense azilemba nthawi imene wafuna. Anthu anang'ung'udza, dalaivala anati a Adimini akalamba, mkazi wa bwana anafunsa kuti nanga masabata ake awiri aja amubwezera ndani. Mzime sanatuluke, koma sanalembenso kanthu.

Chaka chachinayi cha seweroli sichinabwere. Akuti oonera anachepa pambuyo pa gawo lija, eni ake analisiya, ndipo palibe akudziwa kumene mlonda anakatsikira. Gulupu inayamba kuzizira. Kwa miyezi ingapo anthu ankatumiza zithunzi zoseketsa ndi malonda a nsapato, kenako anayamba kutuluka mmodzimmodzi, dalaivala, namwino, bambo wa wotchi uja. Atelala anatuluka omaliza, atabwera kaye kutebulo kudzapepesa kuti foni yawo yadzaza.

Aphunzitsi akadali patebulo lawo. Akadakonzabe anthu, ngakhale masiku ano nthawi zina amatsegula pakamwa n'kutsekanso. Zimawapweteka, ndipo anasiya kubisa. Chimene chimawadya kwambiri n'chakuti mlongo wawo anayenda zaka zisanu ndi chimodzi kuti afike pa mawu amenewo, iwo n'kuwaphimba ndi chala. Mlamu anawauza kuti anamufunsapo Mzime ngati angawalembenso, iye anati sakuwakumbukira mmene anawasanjira, zinthu zotere zimabwera kamodzi.

Tsiku limene Atelala anatuluka, Aphunzitsi anakhala pa benchi ya kuseri kwa shopu nthawi yopuma, n'kulemba zonse za khonde la chipatala, momwemo m'gulupu. Sanadziikire kumbuyo ngakhale mzere umodzi, ndipo za mayeso sanazitchule. Pasanathe ola, foni inasonyeza kuti Mzime wawerenga.

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano, yankho silinabwere. Pamwamba pa gulupuyo pamalembedwa kuti muli anthu awiri, ndipo m'mawa uliwonse, asanayatse nsimbi, Aphunzitsi amatsegula foni kuti aone ngati akadali awiri.